Madona a kwa Telala Sikweya

Tsiku limene a Sikweya anatseka shopu yawo ku Luchenza,
makina atakwera kale pa njinga ya mphwawo,
ndinawapeza akumatula mapepala pakhoma,
ati mayi wa mandazi pa depoti akusowa zokulungira.

"Kaunjika watidya," anatero,
"maso nawo akana kuloza ulusi pa singano.
Madona awa ndiwadyetsa chiyani?"

Ndinawagula onse khumi ndi asanu
ndi paketi ya shuga ndi buledi mmodzi.

Lero ali pabalaza panga,
m'mafelemu amene anakhoma Lemani kalipentala
ndi zidutswa za chitseko chakale cha mkungudza,
ndipo mvula ikayandikira amanunkhira phiri.

Taonani uyu wa chipewa chopendekeka.
Khosi la kakowa, chiuno cha mavu,
miyendo yoti palibe mayi anaberekapo yotere.
Wojambula sanavutike ndi mphuno,
kadontho basi,
koma pa siketi anachezera usiku wonse:
mapindo makumi awiri ndi anayi, ndinawerenga,
lililonse ndi mthunzi wake,
monga mizere ya tiyi ikamatsetsereka ku Makwasa.

Uyo wa magolovesi wakweza dzanja
kuimitsa galimoto imene sinafikebe.
Njenjete zamudya nsapato imodzi,
iye osasuntha, osadandaula.

Anabwera oyera mbee, madonawa,
pa sitima yochokera ku Beira,
m'mabuku a masitayilo opita kwa akazi a mabwana.
Koma a Sikweya anali ndi pensulo
ndi tiyi wotsala m'kapu.
Anawadetsa nkhope mmodzimmodzi ndi nsonga ya chala,
uyu anam'manga duku la bolopeni,
uyu anam'patsa mbina ndi mzere umodzi wokha
kuti wothyola tiyi akalowa atalandira malipiro
aloze osachita manyazi, nati: "Ndisokereni iyi."

Mwamuna wanga akuti ndapachika alendo m'nyumba.
"Bwanji osaika kalendala ya mpingo?
Awa ndi abale a yani?"
Ndimangom'patsa magalasi ake
kuti awerenge m'mphepete mwa pepala,
mmene dzanja la telala linkayenda mothamanga:

Mai Namaona, chifuwa 38, Loweruka.
Abiti Sumani, wakana manja aafupi.
Aphunzitsi a ku Thunga, mabatani asakhale ofiira.

Ndipo pansi pa dona wa diresi lobiriwira,
wa lamba wopyapyala ndi kolala yonga tsamba la koko:
Feliya wa ku Nansadi, la chinkhoswe,
watsala mashiling'i atatu.

Maina ena onse anakhwatchidwa.
Ili lokha ayi.

Feliya ndi amayi anga.
Ine ndinawadziwa m'chilundu chosuluka,
dengu kumsana, pulasitiki pamapewa,
zala zakuda ndi utomoni wa masamba,
chiperoni chikuwalowa mpaka m'mafupa.
Sanandiuzepo kuti tsiku lina
anaima pa khonde la telala, tepi ili m'chiuno,
atagwira mpweya kuti nambala ichepe.
Chithunzi chawo tilibe.
Diresilo sindinalione;
mwina linasanduka matewera anga.

Ndinabwerera kwa a Sikweya ndi ndalama m'manja.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Mashiling'i? Ndikagula nawo chiyani, mwana iwe?
Ngongoleyo isiye. Ikamakhalapo
ndiye kuti mwini wake akadali m'njira."

Choncho dona wobiriwira ndamuika pafupi ndi zenera.
Dzuwa la masana ndimam'tchingira ndi katani
kuti utoto usathawe.
Loweruka ndimapukuta galasi lake ndi nyuzi yonyowa,
kuyambira pa duku, kutsikira pa lamba,
ndipo ndikafika pa mashiling'i atatu aja
dzanja limachedwa.